Theka la Mwambo wa Alendo

Siyani mapotowo, ana inu, eni ake abwera kudzatenga okha. Bwerani mukhale pakhonde pano. Iwe Mariyamu, usakhale kutali ngati wabwera kudzazenga mlandu, mawu anga masiku ano safika patali. Nawe Yusufu, mpando umenewo ndi wanga mpaka Loweruka, tsika.

Sadaka ya arubaini yatha dzulo, masiku makumi anayi a agogo anu aakazi, Abiti Jafali, akwana. Munaona nokha kuti anthu atabalalika, alamu anga Che Bwanali ananditengera kuseri kwa nkhokwe. Musakane, ndinaona makutu anu akusuzumira pampanda. Anandiuza mwaulemu ndithu kuti ndawasungira mlongo wawo bwino zaka zonsezi, ndipo tsopano andisudzula, ndine womasuka kubwerera kwathu.

Inu mumati kwathu ndi kuno ku Kalembo. Kwa inu ndi kwanu zoona, chifukwa ndi kwa amayi anu ndi kwa amayi awo. Ine ndinabwera ndi mphasa ndi khasu ngati mkamwini wina aliyense. Mitengo ya mango iyi ndinabzala ndine, koma nthaka yomwe yamerapo si yanga. Kwathu ndi ku Chiuta, m'mbali mwa nyanja, ndipo papita zaka zoposa makumi atatu ndisanapondeko. Amayi anu akulira kuti ndisapite, Che Bwanali nawonso akuti sakundithamangitsa. Koma ndatopa kukhala mwa chifundo cha anthu, ndikufuna ndikagone pafupi ndi amayi anga. Chomwe chakhala chikundidya mumtima n'chakuti sindimadziwa ngati kumeneko kuli wondilandira. Ndinatumiza uthenga sabata yatha. Koma musanamve yankho lake, muyambe mwamva chomwe ndinawalakwira anthu amenewo, chifukwa amayi anu sangakuuzeni, amandisungira ulemu.

Ine ndinakulira m'bwato. Nyanja yathu ija si yakuya, bwato timalikankha ndi nsungwi m'malo ambiri, tikudutsa m'mabango kupita kukavuula mono. Amene anandiphunzitsa kuluka mono si bambo anga iyayi. Anali amjomba, alongo awo a amayi. Ndiwo anandiperekeza ku jando, ndiwo ankandikwapula ndikaba nsomba za makumba zimene anthu ayanika pathandala, ndiwo ankalankhula pamilandu yonse ya pabanja pathu. Bambo anali munthu wabwino, wofatsa, koma anali mlendo pamudzi monga ndiliri ine pano. Amjomba atamwalira, mbumba yonse inagwera ine, chifukwa mwa amayi tinabadwa awiri okha, ine ndi mlongo wanga Asiyatu. Ana onse amene Asiyatu adzabereke, wowayang'anira ndinali ine. Aliyense ankadziwa zimenezo, ndi ine ndemwe.

Nthawi imeneyo matemba ouma tinkasenza pamutu m'mitanga, kuyenda wapansi mpaka ku Nselema. Tinkanyamuka mame asanaume, pofika miyendo ili yotuwa ngati taponda m'phulusa. Kamba wathu anali chinangwa chophika ndi madzi a m'chipanda. Kenaka tinkadikira lole yopita ku Balaka, nthawi zina mpaka dzuwa kupendeka. Inu lero kungoti pitani kuchigayo mwayamba kufunsa za kabaza. Pamsika wa ku Balaka m'pamene ndinaonana ndi agogo anu, akugulitsa nandolo, akukangana ndi wogula mwaukali moti ndinati mkazi uyu ndi wofunika kukhala naye mbali imodzi.

Chikamwini chinandiwawa, ndisakunamizeni. Kulima ndinkalima, denga la apongozi ndinkafolera, zimenezo sindinadandaule. Chinkandipweteka ndi ichi: mwana wanga woyamba akadwala, ine n'kunena kuti tipite naye kuchipatala, ankati tiyembekeze amjomba ake abwere. Ndikakweza mawu pang'ono, wina ankayankhulira kumbali kuti mkamwini asamakule mwendo. Ndinali mnyamata wamtima wapachala, ndipo mawu amenewo ankandisowetsa mtendere.

Ndiye ndinapeza ntchito ya ukhuki kwa mphunzitsi wina wa masamu pasukulu ya sekondale ku Balaka. Anali wochokera ku Japani, dzina lake Kenji, mnyamata wamsinkhu wanga, wowonda ngati bango. M'nyumba mwake nsapato zinkatsala pakhomo ngati kumzikiti, ndipo pa chimenecho tinagwirizana msanga. Pa mpunga m'pomwe tinavutana. Ine ndinkaphika woyoyoka bwino, wa pa Idi weniweni, iye n'kupukusa mutu. Ankafuna womatana, umene kuno mkazi akaphika anzake amamuseka, kuti azitha kuutola ndi timitengo take tiwiri. Malaya ake ndinkasita ndi simbi ya makala, yomwe inu simunaigwirepo. Khala limodzi likathothoka, kolala yapita. Ndinamuotchera awiri, koma sanandikalipire, anangowayang'ana nthawi yaitali mpaka ine ndinalakalaka akanangondimenya.

Tsiku lina kunabwera kalata. Anaiwerenga ataimirira, kenaka anayamba kulongedza mabuku. Bambo ake anali atafa ziwalo. Ntchito ankaikonda, ana asukulu ankamukonda, panalinso mphunzitsi wina wamkazi amene ankabwera kudzabwereka mabuku kawirikawiri kuposa momwe munthu angawerengere. Ndinamufunsa ngati kwawo kulibe amjomba kapena alongo oti n'kuyang'anira nkhalambayo. Anandiyankha ndi Chichewa chake chodukaduka chija.

"Ine mwana woyamba. Nyumba ya bambo, dzina la bambo, manda a bambo, zonse ine."

Anandiuzanso kuti kwawo mkazi ndiye amapita kwa mwamuna, ndipo ana amatenga dzina la bambo n'kulisunga. Ana inu, ndinamva ngati wina wanditsegulira zenera. Kani kuli dziko kumene bambo ndi munthu? Loweruka limenelo ndinayenda kubwera kuno chifuwa chili patsogolo, ndikulumbira mumtima kuti ana anga adzakhala anga, ndidzawalera ndekha, ndipo adzandisunga ngati momwe Kenji akukasungira bambo ake. Za ana a Asiyatu sindinaziganizire m'njira monsemo.

Kenji atapita ndinakhala nyengo ziwiri ndikuchita maganyu, kenaka ndinalowa ntchito ku Liwonde kwa mayi Marita, namwino wa Chifilipino. Kumeneko ndiye ndinakhalitsa, mpaka imvi zoyamba zinandimerera m'khitchini mwawo. Anali mayi wamfupi, woseka ndi thupi lonse, woimba akutsuka mano. Nkhuku ankaiphika ndi viniga ndi adyo wambiri, poyamba ndinkati yasasa, koma pano ndikaikumbuka malovu amadzadza. Anali ndi ana awiri, ndipo tsiku loyamba atabwera kusukulu anandithamangira, aliyense n'kugwira dzanja langa n'kuligunditsa pamphumi pake. Ndinadzidzimuka, ndinkati mwina ndawadetsa. Mayi awo anati kwawo mwana amatero kwa wamkulu aliyense, kupempha dalitso, kaya ndi agogo kaya ndi khuki. Ndinalowa m'khitchini n'kunamizira anyezi.

Mwambo umenewo ndinabwera nawo kuno. Ndinalamula ana anga onse atatu kuti ndikamafika Loweruka azindichingamira n'kuika dzanja langa pamphumi. Ndi umene mumachita inu mukafuna ndikupatseni mango a mumtengo wa kuseri, musaganize kuti sindidziwa. Anthu a pamudzi pano anaseka mpaka kugwira nthiti. Ankati ana a Che Amidu amapima malungo ndi dzanja la bambo awo. Ine sindinasamale, ndinkaona ngati ndabweretsa chitukuko.

Koma m'nyumba mwa mayi Marita munalinso chinthu china. Pangodya ya chipinda chochezera pankakhala katoni yaikulu, yoti iwe Yusufu ukhoza kugonamo. Chaka chonse ankaponyamo zinthu pang'onopang'ono, lero sopo, mawa zitenje za kuno, mkuja nsapato zazing'ono. Ikadzadza tinkaimanga ndi zingwe, n'kuitumiza kwawo. Sizinali za amayi awo okha. Zinali za ana a achimwene awo, ana a achemwali awo, azakhali ena osaona, msuweni wina wolumala. Ankadziwa phazi la mwana aliyense kukula kwake, ana oti ena sanawaonepo ndi maso. Katoni imeneyo ndinaimanga ndi manja angawa chaka ndi chaka, ndipo sinandiphunzitse kanthu.

M'chilimwe china kunabwera munthu kuchokera ku Chiuta kudzandiuza kuti amayi adwalika. Mayi Marita anandivula epuloni ndi manja awo, anati nyamuka lero lomwe. Ndinanyamukadi, koma ndinadzera kuno. Ndinali nditayatsa uvuni wa njerwa, njerwa za nyumba ino imene mwatsamirayi, ndipo ndinkaopa kuti ndikausiya ndi anthu ena njerwa zipsa theka. Ndinati moto uthe kaye, amayi ndi olimba, adwalapo kangati. Uvuni unatenga masiku atatu. Inu mukudziwa kuti ife Asilamu maliro sitigoneka. Ndinafika ku Chiuta ataikidwa dzana lake. Amuna a pamudzi ananditengera kumanda n'kundilozera mulu wa dothi lofiira pakati pa milu ina, ndinapemphera, ndinagona tsiku limodzi, m'mawa ndinabwerera. Asiyatu sanandinene. Kumbuyo kwa chitenje chake kunkabisala kamwana kake kakakazi, Patuma, kakundiyang'ana ndi diso limodzi. Ndiko kumuona kwanga komaliza.

Nditabwerera kuntchito, mayi Marita anandifunsa za abale amene atsala. Atamva za Patuma anapita pakatoni paja, anafukula, n'kutulutsa diresi yachikasu ya maluwa m'mphepete. Anati ndikampatse mwana wa mlongo wanga. Ndinailandira ndi manja awiri. Amayi anuwa ndiwo anaivala pa Idi ya chaka chimenecho, ndipo anaoneka bwino kwambiri. Lero ndi tsiku loyamba kuti amve kumene inachokera, ngati akumvetsera m'khitchinimo.

Zaka zinapita. Ine maso anali pa ana anga, sukulu yawo, nsapato zawo, malata a nyumba ino. Nawo Che Bwanali anayamba kundisiyira mawu pa ana, poona kuti ndikuwapeputsira katundu. Tsiku lina masana ndikusenda mbatata kwa mayi Marita, ndinamva odi kukhomo la kukhitchini. Anali Asiyatu. Anali atayenda wapansi mpaka ku Nselema, n'kukwera matola, atanyamula kathumba ka mpunga ndi matemba okulunga m'pepala. Anali atakalamba kuposa ine, chonsecho wamkulu ndine. Anagwada pasitepe, ngakhale ndinamupatsa mpando, n'kunena kuti Patuma wapeza mwamuna, ndipo akuchimuna akufunsa nkhoswe. Ankafuna ine ndipite ndikaime monga mwinimbumba, ndikalandire mawu, kuti mwanayo akalowe m'banja ali ndi msana.

Mawu amene ndinayankha ndimawakumbuka onse, ndipo ndikanakonda ndikanaiwala.

"Mlongo, dziko lasintha. Anzathu otsogola aliyense amasamala ana obereka yekha. Patuma ali ndi bambo ake."

Bambo akewo anali atawolokera ku Mozambiki kalekale, ndipo ndinkadziwa. Asiyatu anayang'ana mbatata zanga. Kenaka anafunsa motsitsa mawu.

"Achimwene, inu ku jando anakuperekezani ndani?"

Ndinapitiriza kusenda mbatata. Anaimirira, anakonza mpango, mpunga ndi matemba anazisiya pasitepe pomwepo, n'kumapita. Sindinamuperekeze ngakhale pageti.

Mayi Marita anali ataona zonse pazenera. Atandifunsa ndinawafotokozera monyadira ndithu, ndikuganiza kuti andiyamikira. Anafiira nkhope. Anandifunsa kuti anzanu otsogolawo ndi ati, popeza kwawo munthu wobweza mlongo wake pakhomo anthu samukhalira pafupi ngakhale pamaliro. Anandilozera katoni ija n'kufunsa kuti zaka zonsezi ndinkaganiza kuti akutumizira ndani. Masiku atatu sanaimbe m'nyumbamo, ndipo ana awo anawaletsa kugwira dzanja langa. Ndinakwiya, ndinati mlendo adziwa chiyani za kuno. Ndinamva pambuyo pake kuti pa ukwati wa Patuma anakaima ndi msuweni wina wakutali, ndipo akuchimuna ankamunyoza mtsikanayo akakangana, kuti iwe ulibe kwanu, amjomba ako ali moyo koma anakukana. Asiyatu atamwalira uthenga unandipeza nthawi yabwino, sindinganamizire uvuni. Ndinavala malaya, ndinafika mpaka pamsewu, ndinabwerera. Ndinkaopa maso a anthu. Paja amati mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Tandipatsa madzi, Mariyamu.

Ntchito yanga yomaliza inali ku Balaka, kwa a Chen, Mtchaina wa sitolo ya ziwiya ndi nsapato. Apo n'kuti mutu wonse utayera, mayi Marita atabwerera kwawo. Tinapangana tsiku loyamba kuti nkhumba sindigwira, ndipo akazi awo ankaphika okha mumphika wakewake. Ine ndinkadula masamba, ndipo anthu aja amadula masamba ngati akusoka. M'nyumbamo munali nkhalamba, bambo awo a Chen, amene anachita kuwaitanitsa kuchokera kwawo chifukwa analibe wowasunga. Tebulo lawo linali lozungulira, ndipo palibe ankagwira chakudya nkhalambayo isanayambe. Nsomba ikabwera, a Chen ankasankha mnofu wabwino wopanda minga n'kuika m'mbale ya bambo awo. Akatseka sitolo, munthu wolemba anthu ntchito uja ankapinda malaya, kutenga beseni la madzi ofunda, kugwada, n'kusambitsa mapazi a bambo ake chala chimodzichimodzi.

Ine ndinkaima pakhomo la khitchini ndikuyang'ana, mtima ukuti ndi zimenezi, ndi zimene ndalimira. Ndinawafotokozera ana anga aamuna, amjomba anu onse awiri, kangapo konse, mpaka anayamba kuyang'anana ndikayamba. Mwaona kumene zathera. Wamkulu ali ku Joni, amandikumbuka pa Idi. Wamng'ono ndi mkamwini ku Nselema, akufolera denga la apongozi ake, ndipo mkamwini sabwera ndi bambo ake pamudzi wa eni. Sindiwada iyayi. Ndinawalera Chijapani pa nthaka ya Chiyao, ndiye ndidandaulire ndani?

Chaka chilichonse mvula ikamatha, banja lija linali ndi tsiku lokumbukira akufa. Popeza manda awo anali kutali, ankayala chakudya patebulo kuseri kwa nyumba, kuyatsa timitengo tonunkhira, kutentha mapepala, onse n'kuwerama kuyambira nkhalamba mpaka kamdzukulu. A Chen anandiuza kuti akanakhala kwawo akanapita kukalambula manda a makolo, kuzula udzu ndi kusesa. Ine monga Msilamu ndinkaima patali, zinali zawo. Koma tsiku lina atamaliza anatembenuka, akupukuta manja, n'kundifunsa mwaubwenzi chabe kuti nanga inu madala, manda a amayi anu mumakawaona mwezi uti.

Ndinayesa kukumbuka mulu uja, ngati unali kumanja kwa mtengo kapena kumanzere, ngati panali mtengo n'komwe. Ndinapeza kuti sindikudziwa. Pomwepo m'pamene ndinaona chimene ndinachita. Kwa anthu atatu onsewa ine ndinkangodziona ndili pampando, mapazi ali m'beseni, dzanja lili pamphumi pa mwana. Sindinadzionepo ndili wogwada ndi beseniyo. Kenji anasiya zonse n'kupita kwa makolo ake, ine ndinasiya amayi n'kudikira njerwa. Ndinatola theka la mwambo wa eni ake, theka londikomera, n'kutaya wathu wonse wathunthu. Nkhalamba ya kwa a Chen ija itayamba kufooka inati ikufuna ikafere kwawo, ndipo a Chen anatseka sitolo miyezi itatu kuiperekeza. Ntchito yanga inathera pomwepo.

Mufunsa kuti bwanji sindinapite nthawi imeneyo. Ndinkati mawa. Kenaka agogo anu anayamba kudwala, kenaka mawondo anga, kenaka mawa lija linangokhala chizolowezi. Munthu ukachedwa chaka chimodzi umapepesa, ukachedwa zaka makumi atatu umasowa poyambira.

Iwe Yusufu, tandiyang'ana. Ana ako udzawakonde, udzawaphunzitse, palibe akukuletsa. Koma uyu Mariyamu akadzagogoda pakhomo pako ndi kathumba ka mpunga, udzavale nsapato asanamalize kulankhula. Sindikuuza zambiri, ndatopa, ndipo ine si munthu woyenera kulangiza.

Tsono uthenga uja ndinatuma bambo wa nsomba amene amabwera ndi njinga yamoto kuchokera ku Chiuta. Ndinati akafunse mayi wina dzina lake Patuma, mwana wa malemu Asiyatu, amuuze kuti amjomba ake atsala pang'ono kusudzulidwa ku Kalembo ndipo akupempha pogona. Sindinawonjezere kanthu, ndinalibe chowonjezera. Sabata yonseyi, anthu akuganiza kuti ndikulira agogo anu okha, ine khutu linali kumsewu. Bambo wa nsomba uja wabwera m'mawa uno, inu muli kumjigo. Anazimitsa njinga, anandipatsa moni wautali, mpaka ndinati basi, akuzengereza chifukwa wanyamula zoipa.

"Akuti mubwere, madala. Akuti nyumba ilipo, azira kale pansi. Akudikirani pa Nselema Loweruka, pamene pamaima minibasi."

Ndinagwira mzati uwu. Ndinafunsa ngati ananenanso china, ngati anatchula za ukwati wake, za maliro a amayi ake. Anati iyayi, sanatchule. Kenaka anakanda kumutu, akuyang'ana pansi.

"Koma akuti muwatumizire chithunzi pafoni. Akuti nkhope yanu sakuidziwa, akuopa angatenge nkhalamba ya eni ake."

Nambala wandilembera pakapepala aka. Pita ukatenge foni ya amayi ako, Mariyamu, ubwerenso ndi kofia yanga yoyera. Ndikhala pomwe pano, kuwala kulipo. Uyandikire, nkhope ioneke yonse. Iyayi, usandiuze kuti ndimwetulire. Jambula momwe ndililimu, mwana wa mlongo wanga asakavutike kundipeza.